Colorado: chigawo cha mapiri chopanda doko chinalemera bwanji?

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Ndikukonzekera phunziro la jogalafe lokhudza madera a mapiri, ndipo ndasankha chigawo cha Colorado, kumadzulo kwa dziko la United States. Chigawochi n'chachikulu kuposa Malawi kawiri, koma pa kalembera wa 2020 chinali ndi anthu pafupifupi 5.8 miliyoni okha. Chilibe doko, ndipo phiri lake lalitali, Mount Elbert, ndi la mamita 4,401, pomwe Sapitwa wathu ndi wa mamita 3,002. Kuno kumpoto timadandaula kuti mapiri ndi amene amatibwezera m'mbuyo, nanga anzathuwa analemera bwanji? Ndikudziwanso kuti ana sadzalephera kundifunsa za chilembo C chimene chili pa mbendera yawo. Ndithandizeni, akuluakulu.

Dalaivala wopuma, Luwinga:
Aphunzitsi, muyambire pa misewu, chifukwa mapiriwo anawavutitsa monga mmene Chiweta amativutitsira ife. Njanji yoyamba yodutsa dziko lonselo, imene inatha mu 1869, inalambalala Colorado n'kudzera m'chigawo choyandikana nacho cha Wyoming chifukwa choopa zitunda, moti anthu a ku Denver, likulu la Colorado, anachita kudzimangira njanji yawo yokalumikiza ku Cheyenne, tauni ya ku Wyoming, mu 1870. Kuboola phiri kwenikweni kunadza mochedwa: ngalande ya sitima ya Moffat, ya makilomita pafupifupi 10, inatsegulidwa mu 1928, ndipo ya magalimoto ya Eisenhower, pa msewu wa I-70, inatsegulidwa mu 1973 pamalo okwera mamita oposa 3,400.

Chimene chimandigwira mtima, monga munthu amene ndatsetsereka pa Chiweta ndi lole yodzaza mabuleki akununkha, n'chakuti m'mitsetse ya msewu umenewu anamangamo timisewu tapambali tothira miyala, kuti galimoto yaduka mabuleki ithawiremo n'kutitimira m'malo mogwera kuphompho. M'miyezi yozizira madalaivala a malole amalamulidwa kunyamula matcheni omanga kumatayala, ndipo matanki a mafuta kawirikawiri saloledwa kulowa m'ngalandemo, amakwera pamwamba pa phiri kudzera ku Loveland Pass.

Mayi wa ku Chibavi:
Abambo a ku Luwinga anena zoona, koma ndisiyana nawo pang'ono pa chimene chinayamba. Njanji sizinakwere mapiri mwachifundo ayi, zinkalondola miyala ya mtengo wapatali. Golide atapezeka mu 1858 anthu anakhamukirako, kenaka siliva analemeretsa tauni ya Leadville, mpaka mtengo wake unagwa mu 1893 ndipo migodi yambiri inatsekedwa. Ana anu aphunzitseni mbali imeneyi mosamala, popeza ifenso tinaona mgodi wa Kayelekera ukuima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utatsika. Colorado anapulumuka chifukwa sanakhalire kudalira mgodi: tauni ya Aspen, yomwe inali ya siliva, lero imadyera alendo obwera kudzatsetsereka pa chipale chofewa, ku zigwa za kum'mawa amaweta ng'ombe ndi kukumba mafuta ndi gasi, ku Colorado Springs kuli sukulu ya asilikali a m'ndege, ndipo ku Denver kuli fakitale ya boma yosula makobidi komanso bwalo la ndege lalikulu lotsegulidwa mu 1995. Ngakhale chamba amachigulitsa movomerezeka kuyambira mu 2014 ndipo boma limatolerapo msonkho, koma zimenezo mudzaone nokha ngati n'zoyenera m'kalasi.

Wophunzira wa ku Mzuni:
Za mbendera n'zachidule, aphunzitsi. Anaijambula Andrew Carlisle Carson ndipo inavomerezedwa mu 1911. Ili ndi mizere itatu yopingasa, wabuluu pamwamba ndi pansi, woyera pakati, kenaka chilembo C chofiira chokumbatira mpira wachikasu. Buluu ndi thambo, kuyera ndi chipale cha pamapiri, chikasu ndi dzuwa, ndipo kufiira ndi dothi, pakuti dzina loti Colorado m'Chisipanishi limanena za kufiira. Ena amati C amaimiranso mawu oti Centennial, chifukwa chigawochi chinalowa m'chitaganya mu 1876, dzikolo litakwanitsa zaka 100 likudzilamulira.

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Zikomo nonse. Abambo a ku Luwinga, kodi mungadzabwere kusukulu Lachinayi kudzawafotokozera ana za timisewu ta miyalato? Ambiri mwa iwo kwawo n'ku Karonga ndi ku Chitimba, ndipo Chiweta amamudziwa bwino.