Kodi kuwonjezera mphamvu ya injini kumathetsa walanti ya galimoto?

Moni nonse akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu.

Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndili ndi Toyota Hilux 2.4 GD-6 imene ndinagula yatsopano, yomwe walanti yake ndi ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, ndipo pakali pano yayenda makilomita 38,000. Ndimakoka ngolo ya katundu kupita ku Blantyre kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, choncho ndikufuna kuti akonzenso pulogalamu ya ECU (kompyuta yoyendetsa injini) kuti injini izikoka bwino pazitunda ikalemedwa.

Ndawerenga kabuku ka walanti, ndipo mmene ndamvera, chowonongeka chifukwa chosintha zinthu m'galimoto sachilipira. Nditafunsa kumene ndinagula anangondilangiza kuti ndisayerekeze, osafotokoza zambiri. Makaniko amene amachita ntchitoyi akuti akhoza kubwezeretsa pulogalamu yoyambirira ndisanapite ku sevisi, koma mawu amenewa sindikuwakhulupirira kwenikweni, chifukwa ndinamva kuti makina oyezera a ku sevisiko amatha kuona kuti ECU inalembedwanso, komanso iye ndi wamalonda amene sadzakhalapo tsiku limene turbo idzafe.

Funso langa ndi ili: kodi walanti imatheratu yonse, kapena imangochoka pa injini, turbo, klatchi ndi giyabokosi, n'kutsala pa zinthu monga magetsi ndi zoziziritsira m'kati? Nanga kabokosi kowonjezera mphamvu kongolumikiza ku masensa a injini, kamene munthu angathe kuchotsa, a Toyota amakaona mofanana ndi kulembanso ECU? Amene munadutsamo, makamaka ngati munakapempha kuti akukonzereni mutasintha kale, chonde ndiuzeni mmene zinathera.

Zikomo kwambiri.