Mabisiketi ofewa a ku Tennessee: ufa uti ungagwire ntchito?

Akatswiri a zophika, thandizeni. Loveless Cafe, malo odyera a m'mphepete mwa msewu wa Highway 100 mumzinda wa Nashville ku Tennessee, ndi otchuka kuyambira 1951 chifukwa cha nkhuku yokazinga ndi mabisiketi ofewa ngati masikono. Muyezo wofala kum'mwera kwa America ndi ufa magalamu 250, batala wozizira magalamu 85, baking powder supuni yaikulu imodzi, kamchere, buttermilk (mkaka wowawasa) mamililita 180, uvuni madigiri 230 Celsius kwa mphindi 15. Mukakanda kwambiri amalimba. Mukapotoza chodulira m'mphepete mumamatana, ndiye safufuma.

Vuto ndi ufa. Kumeneko amakonda White Lily, wa tirigu wofewa, pomwe ufa wa buledi umawaumitsa. Kodi kusakanizamo cornflour (sitachi wa chimanga) kungathandize, masupuni angati? Nanga chambiko chingalowe m'malo mwa buttermilk osathiramo madzi?