Tumbaga ikukana kuwala ngati golide

Wophunzira ntchito: Akuluakulu, ndithandizeni. Kasitomala wina akufuna kachithunzi kovala pakhosi konga ta anthu a Tairona a ku Colombia, ndipo wanenetsa kuti kakhale ka tumbaga, golide wosakaniza ndi mkuwa. Ndaumba ndi phula, ndamata dongo, ndathira bwinobwino. Koma katuluka kakuda, ndikakapukuta pa makina kakufiira ngati waya wamagetsi. Ndikapake golide pamwamba?

Mmisiri wamkulu: Ayi mwana wanga, usapake. Golide ali mkati momwemo, ntchito yako n'kuchotsa mkuwa wa pamwamba kuti iye atsale. Kawotche poyera mpaka kafiire pang'ono, osaika borax, mankhwala oteteza chitsulo kuti chisade pa moto, chifukwa tikufuna mpweya uudye mkuwawo. Kakada, kaviike mu asidi wa citric wofunda. Khungu lakudalo lichoka. Wotchanso, viikanso, mobwerezabwereza, mpaka ukawotcha kazikana kuda. Eni akewo ankachita zomwezi ndi madzi owawasa a zomera.

Mayi wosula ndolo: Achimwene, chikukuwonongerani ntchito ndi makina opukutirawo. Golide wotsala pamwambayo ndi wopyapyala kwambiri, akatuluka mu asidi amaoneka mbuu, wosawala, wa timabowo tosaoneka ndi maso. Mukamuika pa gudumu mukumusenda. Tengani mwala wa agate kapena chitsulo chosalala, nyowetsani ndi madzi a sopo, muzitsindika pang'onopang'ono. Muona mzere wachikasu ukutsatira pomwe mwalawo wadutsa. Komanso mu asidimo musalowetsemo chopanira chachitsulo, mkuwa umabwerera pa ntchito yanu.

Wophunzira ntchito: Zikomo mayi, pa gudumu pomwepo ndiye ndimathera. Ndayesa monga mwanenera bambo, chikasu chabwera koma n'chotuwa. Ndinasungunulira limodzi ndi zidutswa za mphete zakale.

Mmisiri wamkulu: Ndiye muli siliva. Moto umadetsa mkuwa, siliva amatsalira limodzi ndi golide, n'chifukwa chake kutuwako. Amisiri a Chimú ku Peru ankamuchotsa ndi phala la mchere ndi michere ina yam'nthaka yodya zitsulo, koma iwe usavutike nazo, utsi wake si wabwino. Sungunula golide woyera ndi mkuwa woyera basi. Zisungunuka msanga kuposa golide payekha, yemwe amafuna madigiri 1,064 a Celsius, ndipo zimayenda bwino m'chikombole.

Mayi wosula ndolo: Ndiwonjezere chimodzi. Funsani kasitomalayo ngati akufunadi kowala. Bwato lagolide la a Muisca, anthu enanso akale a ku Colombia, lomwe linapezeka ku Pasca mu 1969, lomwe lili ku Museo del Oro, nyumba yosungira zinthu zakale zagolide ku Bogotá, silinapukutidwe, chifukwa linali la nsembe. Za a Tairona ndizo zinkawalitsidwa popeza zinali zovala. Ndipo pa lisiti mulembe kuchuluka kwenikweni kwa golide amene mwasakanizamo. Kakadzakhuzidwa pa mwala woyesera kadzaoneka ka makalati apamwamba, ngati ka golide wambiri, pomwe mkati muli mkuwa wambiri, mawa asadzati munamunamiza.

Wophunzira ntchito: Ndamva. Akufuna kowala. Ndithiranso Loweruka popanda siliva, zithunzi nditumiza ndikamaliza kutsindika ndi agate.