Mabaji odula ndi laser, alipo anayesapo?

Telala_waku_Ndirande:
Moni nonse. Ine ndimasoka mayunifolomu a sukulu ndiye chikundisowetsa mtendere ndi mabaji. Ndimakapangitsa kwa a embroidery koma amawerengera ma stitch, baji ikakhala yodzadza mtengo umakwera mpaka ine kutsala opanda kanthu. Mng'ono wanga ali ku Joni akuti kumeneko ena akumadula nsalu ndi laser (makina odula ndi kuwala kotentha) kala iliyonse payokha kenako nkusanjikiza, ikatha imaoneka ngati yopeta. Nzoona zimenezi? Nanga chitenje chingatheke?

Mlongo_wa_ku_Joni:
Nzoona achimwene, kuntchito kwathu timapanga. Koma pezani twill ya polyester, nsalu yolimba ya timizere topendekera, osati chitenje. Laser ikamadutsa pa polyester imasungunula m'mphepetemo ndiye nsalu siyoyoka ulusi olo muchape kangati, pomwe thonje limangopserera nkusiya mzere wa bulauni, pakapita masiku ulusi uyamba kutuluka. Ife timayamba tamata guluu wa pepala uja wosungunuka ndi moto kumbuyo kwa nsalu, kenako kudula chapansi, chapakati, zilembo pamwamba, nkupanikiza pa heat press (makina opanikiza nsalu ndi moto) cha m'ma 150 degrees Celsius kwa masekondi ngati 15. Ma layer asapitirire atatu, ikanenepa kwambiri imauma gwaa ndipo pathumba la shati sikhala bwino.

AChisale77:
Ndiwonjezere pa zomwe anena asisiwa. Guluu yekha musamukhulupirire, ana a sukulu zovala zawo zimachapidwa pamwala nkuyanikidwa padzuwa sabata iliyonse, baji yongomata imayamba kunyamuka m'makona temu isanathe. Pitsanimo zigizagi yothithikana m'mphepete monse, ndiyonso imapangitsa kuti ioneke ngati embroidery yeniyeni. Manambala a pa majezi a baseball ku America amapanga choncho, amati tackle twill. Koma tizilembo ting'onoting'ono ta motto wa sukulu tija iwalani, timapsa tisanaduke bwino, timeneto ndi ta ulusi basi.

Mlongo_wa_ku_Joni:
Eya ndinaiwala chofunika kwambiri. Chikopa chabodza chija cha PVC musayerekeze kuika mu laser chonde. Chikapsa chimatulutsa mpweya wa chlorine, umawononga mapapo komanso makinawo amachita dzimbiri. Ngakhale polyester yomweyo utsi wake uzitulukira panja ndi paipi, ndipo musachokepo makina akudula, nsalu sichedwa kuyaka.

Telala_waku_Ndirande:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga makina ake ndi ati? Ndaona tina totchipa pa intaneti.

AChisale77:
Totchipato nthawi zambiri ndi ta diode, kuwala kwake ndi kwa buluu ndiye pa nsalu yoyera timavutika kudula. Wofunika ndi wa CO2, wa 40W amakwana pa nsalu, kungoti chubu chake ndi chagalasi chimafuna madzi azizungulira nthawi zonse kuti chisatenthe. Ine ndikanakhala inu sindikanathamangira kugula, pitani kaye kwa anthu odula ma sign ndi ma trophy a acrylic ndi nsalu yanu, akudulireni mabaji 20, musoke, mupatse ana avale temu imodzi muone.