Mapointi 11 koma Physics 5, kodi udokotala ku KUHeS ungatheke?

Abale pa gulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndine malume wa mtsikana amene walemba MSCE chaka chino pa CDSS ina cha ku Namwera. Mayi ake, mlongo wanga, anatisiya mwanayu ali Sitandade 6, ndiye fizi yonse yachokera mu usipa womwe ndimapikula ku Malindi.

Wakhoza chonchi: Biology 1, Agriculture 1, Chichewa 1, Geography 2, Chingerezi 3, Masamu 3, Chemistry 4, Physics 5. Aphunzitsi awerengera akuti mapointi 11. Kumudzi nthungululu zinamveka, azakhali ake ayamba kale kumuitana kuti adokotala. Iyenso mtima wonse uli ku KUHeS, yunivesite ya boma ya zaumoyo, chiyambire pamene anaona ophunzira udokotala atavala makoti oyera ku chipatala cha pa boma. Koma ine Physics 5 imeneyi ikundisowetsa tulo. Pasukulu pawo labu kulibe, zipangizo zambiri anakaziona koyamba mayeso atayandikira. Kodi pa fomu ya NCHE, yofunsira malo ku mayunivesite a boma, tiike udokotala, kapena tikungomunamiza mwana?

Mphunzitsi wa sayansi, Monkey Bay: A malume, poyamba mumuyamikire mwanayo, 11 ya pa CDSS si masewera. Koma ndikuuzeni zoona. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, ndiye Chemistry ndi Physics yake sizinalowe n'komwe mu 11 ameneyo. Pamene a udokotala maso awo ali pomwepo: Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. 4 ndi 5 ndi makirediti ndithu, koma akupikisana ndi ana oti maphunziro onsewa ali ndi 1 kapena 2, malo ndi ochepa. Chichewa ndi Geography pamenepo sizimuthandiza.

Membala wosadziwika: Kale kota, yosankha ana opita ku yunivesite potengera boma lomwe akuchokera, ikanamukankhako poti ndi wa ku Mangochi. Inathetsedwa 2020, pano aliyense ndi makhozedwe ake.

Namwino, Zomba: Musaone ngati KUHeS ndi udokotala wokha. Inapangidwa 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndiye unamwino ndi uzamba ziliko. Biology 1 imeneyo ndi chuma. Ndipo ku Malosa, m'boma la Zomba, kuli koleji ya unamwino ya St Luke's. Kuli Malawi College of Health Sciences komwe amaphunzitsa ma clinical officer. Ambiri amene kumudzi timawatchula adokotala ndi amenewo.

Membala wosadziwika: Abwereze basi. Chaka chimodzi n'chiyani?

Mphunzitsi wa sayansi, Monkey Bay: Kubwereza n'kwabwino ngati apeza sukulu ya labu. Akabwerera pomwe paja, 5 adzabweranso 5. Ine ndikanati atumize fomu chaka chino, udokotala auike poyamba poti ndi khumbo lake, koma mizere yotsatirayo isadzaze ndi mapulogalamu ovuta okhaokha. Ndaona ana a mapointi abwino atatsala pakhomo chifukwa cha zimenezi. Ndi Agriculture 1 ndi Biology 1, LUANAR, yunivesite ya zaulimi, ayiganizire, ku Bunda kuli maphunziro a za nsomba. Mwana wa kunyanja ameneyo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndamuwerengera mayankhowa, za nsombazo wangoseka, akuti fungo la usipa lamukwana kunyumba. Za unamwino sanakane, wangoti duu. Aphunzitsi, kodi ngongole ya boma ya ophunzira, ya HESLGB ija, timafunsira asanasankhidwe kapena mayina akatuluka? Chifukwa nyengo ya mwera bizinezi yanga imaima, fizi ya ku yunivesite ndekha sindingaikwanitse.