Manda akale a mbumba yathu akufufutika, tiyambire pati kuwalemba?

MdzukuluWaMalindi:
Abale, ndithandizeni nzeru. Kwathu ndi ku Mangochi, kumpoto kwa Malindi, mumsewu wopita ku Makanjira. Manda akale a mbumba yathu ali pakamtunda kuseri kwa minda, ndipo anasiya kuikako maliro kalekale amfumu atapereka malo ena kufupi ndi msewu. Pano owotcha makala anagwetsa mbawa zomwe zinali malire, mbuzi zimadyera momwemo, wina walima chinangwa mpaka m'mphepete mwenimweni. Mitumbira yambiri inaphwa. Umangodziwa kuti apa pagona munthu ukaona nkhadze kapena pamene dothi linatitimira. Ziliza ndi zitatu zokha, chowerengeka n'chimodzi: dzina analemba ndi msomali simenti isanaume, pansi pake 1968.

Amene akusunga mayina ndi agogo aakazi, mng'ono wawo wa agogo amene anabereka mayi anga. Amatchula mibadwo mosaphonya, koma kumandako sanapondeko, chifukwa iwo ndi Msilamu ndipo amayi saperekeza maliro mpaka kudzenje. Ndiye mayina ali nawo, koma malo sawadziwa. Mbali ina ya banja ndi ya Anglican, ndipo onse anagona pamodzi pakamtundapo. Ine ndimakhala ku Blantyre, mtima sukhala pansi ndikaganiza kuti agogowa akatsikira kulichete zonsezi zapita nawo. Ndiyambire pati? Nanga tingamange ziliza pamanda onse?

WaKwaNankumba:
Achimwene, musanagwire chikwanje kapena foni, yambani mwakaonekera kwa amfumu, ndipo musapite nokha. Atsogole amalume anu, eni mbumba. Kuno kwathu manda ena ndi dambwe la gule wamkulu, akakupezani mukujambula mulipira mbuzi. Kwanuko mwina gule kulibe, koma kulowa kumanda osapempha ndi mlandu kulikonse, anthu angakuganizireni zina.

Za chinangwazo musakangane ndi wolimayo. Akaloze malire ndi amfumu pamaso pa anthu. Chachikulu, funsani adzukulu akale amene ankakumba pamenepo. Agogo ali ndi mayina, okumbawo ali ndi malo. Muwakumanitse pakhonde limodzi.

CheNamwera:
Pa nkhani ya ziliza ndikupempha mufatse. Mashehe ambiri salola kumanga simenti pamanda a Msilamu, mwala pamutu umakwanira. Makolo ankazika timitengo kumutu ndi kumiyendo, n'chifukwa chake lero simukuona kanthu, chiswe chinadya. Mukangobwera ndi matumba a simenti kuchokera m'tauni mugawa banja pawiri. A Anglican amange pa awo ngati akufuna, enawo funsani kaye shehe wa pamudzipo.

Njira yomwe inatithandiza ife ndi sadaka. Tinaphika mpunga, anawerenga dua, ndipo anthu atakhuta akuluakulu anayamba okha kukumbutsana kuti uje anagona kumiyendo kwa uje. Ukawafunsa mmodzimmodzi ndi kope m'manja amauma pakamwa.

MphunzitsiWopuma:
Mwana wanga, ntchito mwaiganizayi ndi yabwino, ndipo ndikuuzeni pamene anthu amasokonezeka. Munthu mmodzi kwathu kuno amatha kukhala ndi mayina anayi: la ubwana, lomwe anatuluka nalo ku jando kapena ku nsondo, la ubatizo kapena la kumzikiti, ndiye amayi ambiri ankangodziwika kuti Abiti uje, kutengera bambo awo. Lembani onse pamzere umodzi, apo ayi mudzawerenga munthu mmodzi kawiri.

Agogo musawafunse chaka. Afunseni ngati malirowo anachitika njala ya 1949 isanafike kapena itadutsa, dziko lisanalandire ufulu mu 1964, boma lathu la Mangochi likadali kutchedwa Fort Johnston, kapena nthawi ya njala ya 2002. Afunseninso anali ndi mwana uti kumbuyo. Zaka zimatuluka zokha. Muziwajambula mawu pafoni m'Chiyao momwemo, kumasulira mudzachita pambuyo.

Mukhalenso ndi tsamba la omwe sanagone pamenepo. Amuna ambiri a kuno anapita ku migodi ya ku Joni kudzera pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito, osabwerera, ena anafa pa ngozi ya ndege ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974, ena nyanja inawatenga mitembo osapezeka. Agogo adzawatchula limodzi ndi enawo, inu n'kumavutika kufuna manda omwe kulibe.

A mbali ya Anglican kapempheni ansembe ku mishoni ya Malindi akuonetseni mabuku akale a ubatizo ndi maliro, mwaulemu, chifukwa mapepala ake safuna manja ambiri.

Poyeza malo, GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo pomwe manda amagona moyandikana, ndiye ingokuthandizani kusunga pamene pali manda onse. Sankhani mtengo wosadulika, ngati pali mlambe ndi bwino, muyeze ndi tepi kuchokera pamenepo, mujambule mapu papepala, manda aliwonse nambala yake. Amene simukumudziwa lembani kuti sakudziwika, osaikapo dzina longoganizira. Chitani mu Ogasiti kapena Sepitembala udzu utauma, ndipo mulambule ndi manja. Moto upha nkhadze zomwe zikukulozerani.

MdzukuluWaMalindi:
Zikomo nonse. Ndawaimbira amalume, akuti mwa okumba akale watsala mmodzi, bambo wina wosoka maukonde kudoko. Maso akuvuta koma miyendo ikadali bwino, ndipo avomera kutiyendetsa amfumu akalola. Simenti ndaiimika kaye, a CheNamwera, ndalamayo ipite ku mpunga wa sadaka. Mlambe ulipo kumpoto kwa manda, tiyezera pamenepo. Kope tidzalifotokopa, lina likhale kwa amalume, lina kwa amfumu.

Aphunzitsi, funso lina: makanda omwe anaikidwa ndi amayi okhaokha, ena asanapatsidwe n'komwe dzina, agogo akuti malo awo anali padera kumunsi kwa kamtundako. Amenewa munkawalemba bwanji?