Nyumba imodzi ku Rothera zaka zonsezi, chinavuta nchani?

Mmisiri88: Abale odziwa zomangamanga tandithandizeni. Ndimaonera za siteshoni ya kafukufuku ya a Britain ku Antarctica, ija ya Rothera pa chilumba cha Adelaide. Doko latsopano analimaliza 2020 koma chinyumba chachikulucho, Discovery Building, chinadya zaka ndi zaka. Ndalama ali nazo, mashini ali nawo, nde chimawachedwetsa nchani? Kapena makontilakita ndi amodzimodzi kulikonse kkkk

Achimwene_aku_Leeds: Ayi bwana musawanamizire. Kumeneko ntchito ya panja imagwirika miyezi yochepa, cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ikakwana nyengo yozizira kumada, nyanja imaundana, amisiri amapakira nkubwerera kwawo kumatsala anthu ongopitirira 20 osunga malo. Komanso pafupifupi chilichonse chimabwera pa sitima, zitsulo, makireni, konkire youmbiratu, ndiye mukaiwala bawuti imodzi palibe hadiweya yothamangirako, mudikira ulendo wina basi. Nchifukwa chake anayamba ndi doko, sitima yawo ya RRS Sir David Attenborough ndi yotalika mamita 129, pa doko lakale sikanakocheza bwino.

Nachisale: Ndipo mdani wamkulu si kuzizira kokha ayi, ndi sinoo youluzika ndi mphepo, imaunjikana kuseri kwa nyumba mpaka kutseka zitseko. Pa denga la Discovery anaikapo chokhotetsa mphepo kuti izitsika ndi khoma nkumasesa yokha. Koma Rothera ili pa mwala, bola. Ku Halley, siteshoni ina ya a Britain ku Antarctica komweko, amamanga pa ayezi woyandama, masiteshoni oyambirira anakwiririka onse, yachisanu ndi chimodzi, Halley VI, anaiika pa miyendo yokhala ndi ma ski otsetsereka pa sinoo ndipo mu 2016 mpaka 2017 anaikoka ndi mathirakitala makilomita 23 kuthawa mng'alu. Tangoganizani kusamuka ndi nyumba yomwe!

WapaCape: Onjezani zinyalala. Pangano la Madrid la 1991, loteteza chilengedwe ku Antarctica, limati zotsala zanu muzichotsa, nde ukagumula nyumba yakale sungokankhira zigumukazo kuseri, umalongedza mmakontena zibwerere pa sitima. Kuno ku Cape Town sitima ya S.A. Agulhas II ikamachokera ku SANAE IV, siteshoni ya South Africa ku Antarctica, imabwera ndi zinyalala za kumeneko. Ngakhale mashini opita uko amawatsuka kaye, kuopa kupititsa dothi ndi njere zachilendo.

Mmisiri88: Eee nde ndawamvetsa. Koma denga lisanakhomedwe nyengo nkutha amatani, amangosiya sinoo ilowe?

Achimwene_aku_Leeds: Amaigawa ntchito kuti chaka chilichonse athere pabwino, maziko, kenako mafelemu achitsulo, kenako kutseka kunja konse. Zamkati monga mawaya ndi mapaipi zimabwera nyumba itatsekedwa kale.